Alamu Anga ndi Maliro a Mayi Vera

Alamu anga a Tarsizio anali munthu woti akakupezani mukudikira basi, basiyo isanafike akhala atakuuzani kale chimene chalakwika ndi boma la Ireland, chimene chalakwika ku Brussels, ndi cha ku Lilongwe komwe. Makani! Ine Aggie ndine wolongolola, sindikana, koma kwa alamu ndinkagonja. Achemwali anga a Magdalena, omwe ndi akazi awo, ankangoti, "Asiyeni, akatopa agona."

Ndikuti anali, koma musadzidzimuke, ali moyo. Akuyendetsabe basi yawo, akupitabe ku Misa. Kungoti masiku ano nkhani zikayamba pa TV amanyamuka n'kukatsuka makapu oyera kale, ndipo ine zimandipweteka kuposa mmene ndinganenere.

Anabadwira ku Bembeke, ku Dedza. Ali mnyamata ankatumikira pa guwa, ndipo wansembe wina wa ku Ireland, ataona kuti mutu ukugwira, anawapezera mwayi wa sukulu kuno ku Dublin. Anabwera kudzaphunzira za nthaka, akuti zaka ziwiri basi abwerera. Digiriyo anaitenga ndithu, ili pakhoma, koma nthaka imene anaigwira kuno ndi ya kadimba ka kuseri kwa nyumba. Anapeza ntchito yoyendetsa basi, anaitanitsa achemwali, kenako kunabadwa Tamara. Atavutika zaka zingapo m'nyumba za lendi anagula kanyumba ku Clondalkin, ka m'mizere muja, koti khoma lako ndi khoma la mnzako lomwe.

Mbali inayo ya khoma kunali a Dennis ndi akazi awo mayi Vera, mbadwa za mu Dublin momwemuno. A Dennis anali mmisiri wopaka pulasitala, ndipo pa unyamata wawo anakagwirako ntchito ku England. Mayi Vera ankaphika pa sukulu ya ana. Ubwenzi unayamba ndi mkangano, nanga ukanayamba ndi chiyani? Alamu ankabzala maungu kuti azidya nkhwani, a Dennis anasuzumira n'kunena kuti chisanu chipha zonsezo. Alamu anati, "Madala, ine ndinaphunzira za nthaka." Maungu anafa onse. A Dennis anabwera ndi mbewu ya kabichi, akuseka, ndipo kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse pochokera ku Misa alamu ankathera m'khitchini mwa mayi Vera.

Ndinakhalapo pa mikangano imeneyo kangapo, ndipo ndikuuzani, makutu ankachita kulira. Nthawi ija anthu a kuno anakana pangano lina la Europe n'kuuzidwa kuti avotenso, a Dennis anamenya tebulo mpaka masipuni kudumpha.

"Tinati ayi, iwo akuti bwerezani! Chisankho chanji chobwereza mpaka uyankhe zimene akufuna? Nsomba za m'nyanja yathu anatenga, tsopano akufuna ndi pakamwa pathu pomwe."

"Madala," anatero alamu, "msewu umene ndimayendetsapo basi uja ndalama zake zinachokera kuti? Mwadya nkhuku ya eni, ndiye mukukana kutsuka mbale?"

"Iwe Tars, iwe sunavote n'komwe!"

"Ndikanavota ndikanakuphunzitsani."

Mayi Vera ankangothira tiyi n'kunena kuti onse awiri ndi zitsiru, wina adye keke asanamuthire madzi otentha. Mabanki atagwa, a Dennis anapeza pomuponda mnzawo: ngongole za mabankiwo akulipira ndani, si ine ndi Vera? Alamu anavomera theka, theka linalo anakana mpaka madzulo. Ndiye patapita zaka, zipani ziwiri zimene zinali pa udani kuyambira kalekale zitagwirizana zobwerekana mpando wa nduna yaikulu, alamu anaseka mpaka misozi. "Kwathu munthu akakhala pampando mumachita kumuzula ngati chinangwa cha m'chilimwe. Kuno akuti khala kaye iwe, ine ndikhala mawa!" A Dennis anati ndi akuba omwewo, angosinthana zipewa. Za atsogoleri a zipani ndiye musanene. Uyu alibe msana, uyo ndi mwana wa sukulu, winayo amalankhula ngati akuwerenga mtengo wa katundu. Sanagwirizanepo pa munthu ngakhale mmodzi.

Koma tsiku limene alamu analandira unzika wa dziko lino, taye imene anavala inali ya a Dennis, ndipo a Dennis ndi amene anawamanga tayeyo pakhosi. Mayi Vera analira ngati ndi mwana wawo. Tamara anakulira m'manja mwa mayi ameneja: achemwali akakhala pa shifiti ku chipatala, mwana akaweruka ku sukulu ankalowa khomo la a Vera ngati kwawo. Tsiku la chisankho lililonse amuna awiriwa ankapitira limodzi kokavota, alamu ali mu suti, akukangana njira yonse. Pobwerera a Dennis ankati, "Voti yako yapha yanga, tikanangokhala pakhomo." Ife Amalawi ena tinkakhala kuno mtima uli kumudzi. Alamu ayi. Iwo ankati ndi a mumsewu umenewo, ndipo chimene ankadalira ponena zimenezo chinali a Dennis.

Zinthu zinayamba kupindika chifukwa cha nyumba. A Dennis ndi mayi Vera anali ndi mwana mmodzi, Ricky, bambo wamkulu ndithu wa ndevu zake, koma ankagonabe m'kachipinda kake ka paubwana chifukwa lendi mu Dublin ndi yolusa. Chibwenzi chake chinatha pa nkhani yomweyo. Ndiye kunamveka mphekesera yoti fakitale ina yakale chapafupi aikonza kuti muzikhala anthu opempha chitetezo ochokera kunja. Ricky anayamba kukakhala pa geti la fakitaleyo ndi anzake, mbendera ili paphewa. Chisankho cha makhansala ndi cha aphungu a ku Europe chitayandikira, anayamba kukwera makwerero kupachika zithunzi za wandale wina woima payekha, amene nyimbo yake inali imodzi: dziko ladzaza.

Lamulungu lina mkangano wa m'khitchini sunathe ndi keke.

"Mwana wanga alibe pogona," anatero a Dennis, "koma munthu wotsika ndege dzulo apatsidwa bedi. Undiuze, Tars, chilungamo chili pati?"

"Amene sanamange nyumba ndi boma, madala, si wotsika ndegeyo. Nanga inu ku England munkakatani?"

"Ndinkagwira ntchito!"

"Ine ndikusewera?"

A Dennis anawagwira alamu paphewa. "Sindikunena iwe. Iwe ndiwe wa mumsewu muno."

Alamu anabwera nawo mawu amenewa kudzatiuza akumwetulira, ngati alandira mendulo. Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Alamu, nanga ine wa ku Tallaght, amene ndimasambitsa agogo a eni dzikowa tsiku ndi tsiku, ndine wa mumsewu uti?" Anandiyankha kuti ndilibe chipiriro, ndale zimafuna kumvetsera, a Dennis ndi munthu wabwino amene wangopanikizika. Ndipo zoona, anali munthu wabwino. Ndi chimene chimandiwawa kwambiri.

Mayi Vera anamwalira chisankho chili pafupi, zithunzi za andale zili mbwee pa mapolo onse a magetsi. Sanadwale nthawi yaitali. M'mawa mwake a Dennis anagogoda kwa alamu, maso ali psuu, n'kuwapempha kuti adzakhale mmodzi mwa amuna onyamula bokosi paphewa polowa m'tchalitchi. Kuno umenewo ndi ulemu wa abale enieni. Alamu anavomera ndi mutu.

Thupi analibweretsa kunyumba, monga amachitira ena kuno. Pa chidziwitso cha maliro chimene amaika pa intaneti analembapo mawu awiri, "house private". Tamara, yemwe tsopano ndi namwino, anawaonetsa bambo ake pa foni n'kuwafotokozera m'Chingerezi chake chija kuti banja likufuna kukhala lokha, anthu akakumane ku tchalitchi. Alamu anamva ndithu. Koma anasuzumira pawindo n'kuona nyumba ya a Dennis ili zii, makatani otseka, galimoto imodzi yokha pakhomo, popanda ngakhale munthu mmodzi wokhala panja.

"Zimenezo alembera anthu achilendo," anatero. "Mwinanso madala akuopa kuvutitsa anthu. Mayi amene anandilerera mwana agone m'nyumba yopanda nyimbo ngati analibe anthu? Ine ndili pano? Maliro n'kulirana."

Analemba uthenga pa gulu lathu la pa foni kuti amayi awo amwalira. Sanati aneba, anati amayi. Ndipo inu mukudziwa mmene timachitira: pa maliro saitana, safunsa. Amene anali pa ofu ananyamuka, ena anasinthanitsa mashifiti. Masana a tsiku limenelo tinasonkhana kwa achemwali, amayi a Chikatolika atavala zitenje ndi mipango kumutu, a Mwila a ku Zambia amene amatsogolera nyimbo, a Lawson ndi azibambo ena angapo. Ine ndinanyamula poto wa mpunga ndi nkhuku, ena mandasi, ena mafulasiki a tiyi. Tinali anthu ochuluka ndithu, odzaza kanjira konse.

Tinachita zonse mwa dongosolo lake, mwaulemu wonse umene tinaphunzitsidwa. Titafika pa geti amayi anayamba kulira mokweza, monga zimayenera polowa pa siwa. Chitseko chinali chosakhoma, ndipo pa maliro sagogoda. Tinalowa. Bokosi linali pabalaza, mayi Vera atagona bwinobwino, korona ili m'manja. Balazalo linali laling'ono, lodzaza mipando. Kwathu zikatero mumatulutsa katundu kuti amayi akhale pansi mozungulira thupi, azibambo akhale panja. Alamu anakodola a Lawson, anagwira sofa uku ndi uku n'kuitulutsa pa kapinga. Ena anatulutsa mipando, katebulo, ndi TV yomwe kuti ingagwe. Ife tinayala zitenje pansi, a Mwila anayambitsa nyimbo, ndipo ndikunena zoona, tinaimba ndi mtima wonse. Achemwali ankalira mosatonthozeka.

Sitinadziwe kuti a Dennis anali atakagona m'chipinda cham'mwamba atamwa mankhwala. Mng'ono wawo wa mayi Vera, gogo wina wochokera kutali amene sankatidziwa, anadzitsekera m'khitchini n'kuimbira foni Ricky. Ndipo taganizani chimene munthu woima tsidya la msewu ankaona: anthu akuda gulu, akukuwa, akutulutsa sofa ndi TV m'nyumba ya nkhalamba. Mafoni anali atakwezedwa kale.

Ricky anafika akuthamanga, anzake a ku geti la fakitale ali pambuyo. Mayo ine, mawu amene anatuluka pakamwa pa mwana ameneyo, pamaso pa thupi la mayi ake! Sindingawabwereze. Alamu anaima pakhomo manja ali m'mwamba, akuti, "Ricky, mwanawe, ndine, ndine Tars, tabwera kudzalira amayi." Ricky anawakankha pachifuwa. Nyimbo inafera pakati, a Mwila pakamwa pali yasa.

Kenako a Dennis anatsika masitepe, ali ndi masokosi okha kumapazi, tsitsi lili nyankhalala. Anayang'ana ife tili pansi, anayang'ana pamene panali sofa, anayang'ana mwana wawo, ndi anthu odzaza msewu. Alamu nkhope inawala, anaganiza kuti wafika wowapulumutsa. Anati, "Madala, auzeni."

A Dennis sanakweze mawu. Anati, "Tars, tenga anthu akowa muzipita."

Anthu ako. Ndinafuna kuyankha, Mulungu akudziwa kuti mawu anali atafika kale pa lilime, koma achemwali ananditsina. Tinapinda zitenje zathu. Alamu ndi a Lawson ananyamulanso sofa ija kuibwezera pamalo pake, kenako mipando, kenako TV, anthu akujambulabe. Alamu anagwada pang'ono pa bokosi, anachita chizindikiro cha mtanda n'kutuluka. Mpunga uja tinabwerera nawo, palibe anaudya.

Dzuwa lisanalowe kanema anali ponseponse. Pamwamba analembapo kuti obwera alanda nyumba ya bambo wofedwa, thupi la mkazi wake lili momwemo. Ine ndikuonekamo, poto ali m'manja, ngati ndaba. Wandale wa Ricky uja anamufalitsanso, akuti taonani zimene tinkanena. Ku ntchito kwanga mayi wina anandifunsa ngati ndine, ndinamuyankha kuti inde ndine, ndipo mpungawo unali wokoma. Koma ndinakalirira m'bafa.

Ricky anatumiza uthenga woti alamu asavutike, onyamula bokosi akwana. Ku tchalitchi anapitabe, mu suti yawo, n'kuima kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko. Ine ndinaima nawo, sindikanawasiya okha. Bokosi linadutsa pafupi nafe, ndipo pamalo pamene pakanakhala phewa lawo panali mnyamata wina wa ku geti la fakitale, amene sindikhulupirira kuti analawapo tiyi wa mayi Vera. Alamu anaimba nyimbo zonse. Kumanda sitinapite.

Chimene alamu ankadikira chinali chimodzi. Sankafuna kupepesedwa, iwonso ankadziwa kuti analakwitsa, ndipo anakaponya kakhadi kopepesa pa chitseko. Ankangofuna kuti a Dennis atsegule pakamwa auze anthu a mumsewu kuti kanemayo ndi bodza, kuti anthu aja anabwera kudzalira. Mawu awiri okha akanakwana, chifukwa a Dennis mumsewu umenewo amamveka. Aneba amene kale ankawaimika kufunsa za nthawi ya basi anayamba kuyang'ana kumbali. Wina anawathira zinyalala pa kapinga. Alamu ankangoti, "Madala akadali pa chisoni, alankhula."

Analankhuladi, koma kwa alamu okha. Ndinali pomwepo, tikutsitsa katundu wa ku sitolo m'galimoto, pamene a Dennis anabwera n'kuima kunja kwa geti. Anali ataonda, malaya osasita.

"Ndikudziwa chimene munabwerera," anatero. "Vera akanazikonda nyimbo zija. Ndinazimva ndili m'mwamba, ndinkaganiza kuti ndikulota."

"Ndiye auzeni anthu, madala."

A Dennis anayang'ana pansi. "Ricky ndi amene wanditsalira. Ndikamutsutsa pagulu, achoka, ndipo nditsala ndekha m'nyumba muja. Sindingathe, Tars. Undimvetse."

"Ndamva, madala," anatero alamu.

Ine ndiye sindinamve. Ndinati, "Bambo Dennis, munthu uyu wakhala nanu zaka zonsezi, mukumusiya anthu azimutcha wakuba?" Alamu ananditembenukira n'kunena mofatsa kuti, "Mlamu, lowetsani katundu." Aka kanali koyamba kundiletsa kukangana, iwo amene mkangano unali chakudya chawo. A Dennis anabwerera kwawo pang'onopang'ono, atagwira mpanda.

Tsiku lovota alamu anavala suti n'kupita okha. Atabwerera achemwali anawafunsa kuti avotera ndani, anangoti, "Ndavota." Wandale uja sanapambane, koma mavoti anapeza ndithu, ndipo ambiri anachokera m'dera lomwelo. Alamu sananenepo kanthu. A Dennis akadali khomo lomwelo. Akakumana amapatsana moni, amanena za mvula, basi. Ricky akadali m'kachipinda kake. Fakitale ija mpaka lero ili chitsekere, simunalowe munthu.

Ife Amalawi a kuno tili ndi kagulu kothandizana wina akamwalira, kuti thupi likwere ndege likaikidwe kumudzi, ndipo ine ndili mu komiti. Alamu anakana kulowamo kuyambira pachiyambi. Ankatiseka, akuti tikuvutitsa mitembo ndi maulendo, iwo adzaikidwa konkuno, kumene amavota ndi kukhoma msonkho. Mwezi watha anabwera kwanga ku Tallaght ataweruka, ali mu yunifolomu. Ndinawapatsa tiyi, sanamwe. Anakhala akutembenuza kapu, kenako anati, "Mlamu, gulu lanu lija, mundilowetse."

Ndinayesa kuseka. Ndinati, "Aa, alamu, inu omwe? Mwayamba kuopa chisanu cha m'manda a kuno?"

Sanaseke. Anati, "Ndikafa mudzandipititse kumudzi. Kumeneko anthu akadzabwera kudzandilira, palibe adzawathamangitse."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatsutse, ndiwapatse makani ngati kale, mwina adzuke andibwezere. Ndinangoti, "Chabwino, alamu," ndipo anatenga chipewa chawo n'kupita kukakwera Luas, sitima ya mumzinda ija.